Miyala ndi zitsulo zotulutsa cheza: radioactividade ndi chiyani, ndipo imatha liti?

Pa 13 Seputembala 1987, mumzinda wa Goiânia ku Brazil, amuna awiri analowa m'chipatala china chimene chinasiyidwa bwinja, n'kuchotsa chitsulo cholemera pa makina akale ochizira khansa. Anachikweza pa wilibala kuti akachigulitse kwa ogula zitsulo zakutha, zija timati sucata. Chitsulocho chitabooledwa, mkati mwake munapezeka ufa wooneka ngati mchere, wosakwana magalamu 100. Mwini wa malo ogulirapo zitsulo anaona kuti ufawo ukuwala mwabuluu mumdima. Anautengera kunyumba n'kugawirako abale ndi anzake ngati chinthu chodabwitsa. Pasanathe masabata awiri, anthu ambiri anali akusanza, kutsegula m'mimba ndi kutuluka matuza ngati apsa ndi moto. Mwezi wotsatira anthu anayi anamwalira, mmodzi wa iwo mtsikana wa zaka 6.

Ufa umenewo unali seziyamu-137. Sunali poizoni wa mtundu wa mankhwala a makoswe kapena opopera m'munda. Unkavulaza ngakhale munthu amene wangokhala nawo pafupi, chifukwa unkatulutsa cheza chosaoneka ndi maso. Nkhani ino ikufotokoza kumene cheza chimenechi chimachokera, chifukwa chake zinthu zina zimachitulutsa pamene zina sizitero, ndi nthawi imene imatenga kuti chithe.

Dzina lake ndi amene anazitulukira

M'mabuku a sukulu a Chipwitikizi mudzapeza mawu akuti radioactividade. Poti akuyamba ndi "rádio", munthu angaganize kuti nkhaniyi ikukhudza wailesi imene mumamvera. Mawu awiriwa anachokeradi ku liwu limodzi la Chilatini lotanthauza cheza, monga cheza cha dzuwa, koma zinthu zake n'zosiyana. Mafunde a wailesi ndi a foni ya m'manja amapangidwa ndi magetsi, ndipo mukazimitsa makinawo amaleka. Cheza cha radioactividade chimatuluka chokha m'kati mwa chinthu, usana ndi usiku, ndipo chilibe batani lozimitsira.

Woyamba kuchizindikira anali Henri Becquerel, ku Paris, mu 1896. Anaika mchere wa yureniyamu, amene pa Chipwitikizi ndi urânio, pamwamba pa mbale yojambulira zithunzi yokulungidwa m'pepala lakuda, n'kuzisunga m'dilowa chifukwa kunja kunali mitambo. Atatsuka mbaleyo anapeza kuti yada ngati kuti yaona kuwala. Mu 1898 Marie Curie ndi mwamuna wake Pierre anapeza zinthu zina ziwiri zotulutsa cheza champhamvu kuposa yureniyamu, n'kuzitcha poloniyamu ndi radiyamu. Marie Curie anamwalira mu 1934 ndi matenda a magazi amene amati anadza chifukwa chogwira zinthuzi zaka zambiri popanda chodzitetezera. Mabuku ake olembamo amasungidwa m'mabokosi a mtovu mpaka lero, chifukwa akutulutsabe cheza.

M'kati mwa atomu

Chilichonse chimene mumachigwira, kaya khasu, dothi, madzi kapena thupi lanu, chinapangidwa ndi tinthu ting'onoting'ono totchedwa maatomu. Maatomu oposa miliyoni imodzi atandandalikidwa angakwane pa kadontho kamene timalemba pothera chiganizo. Pakati pa atomu iliyonse pali phata lake, limene pa Chipwitikizi amati núcleo, ndipo kunja kwa phatalo kumazungulira tinthu topepuka totchedwa maelekitironi. Atomu ikanakula ngati bwalo la mpira, phata lake likanangokhala ngati njere ya mapira pakati pa bwalo. Komabe pafupifupi kulemera konse kwa atomu kuli m'phatamo.

M'phata muli tinthu ta mitundu iwiri, mapulotoni ndi manyutuloni. Chiwerengero cha mapulotoni ndi chimene chimauza kuti atomuyo ndi ya chinthu chanji. Ya pulotoni imodzi ndi haidrojeni, ya 6 ndi kaboni, ya 7 ndi naitrojeni, ya 19 ndi potaziyamu, ya 26 ndi chitsulo, ya 79 ndi golide, ya 82 ndi mtovu, ya 92 ndi yureniyamu. Mitundu imeneyi imatchedwa maelementi, ndipo odziwika alipo 118.

Manyutuloni amatha kusiyana chiwerengero ngakhale elementi ili yomweyo. Kaboni wa m'makala ndi m'chimanga pafupifupi yense ali ndi mapulotoni 6 ndi manyutuloni 6, ndipo amatchedwa kaboni-12. Koma alipo kaboni wina wochepa kwambiri wa mapulotoni 6 ndi manyutuloni 8, amene ndi kaboni-14. Nambala yotsatira dzina ndi mapulotoni kuphatikiza manyutuloni. Mitundu yosiyana ya elementi imodzi imatchedwa maisotopo. Kaboni-12 ndi wokhazikika, sasintha. Kaboni-14 amatulutsa cheza. Tsono funso loyenera si lakuti kodi kaboni ndi woopsa, koma lakuti ndi isotopo iti.

Chifukwa chake phata lina silikhazikika

M'phata mumakokanakokana mphamvu ziwiri. Yoyamba ndi ya magetsi. Mapulotoni onse ali ndi magetsi a mtundu umodzi, ndipo amakankhana monga zimachitira mbali zofanana za maginito awiri. Yachiwiri ndi mphamvu imene imamanga mapulotoni ndi manyutuloni pamodzi. Iyi ndi yaikulu kuposa yoyamba ija, koma ili ndi malire: imangogwira tinthu toyandikana. Kukankhana kwa magetsi kumafika kuchokera mbali imodzi ya phata mpaka mbali ina.

Ganizirani mtolo wa nkhuni umene mwaumanga ndi timaluzi tatifupi, kalikonse kongolumikiza nkhuni ziwiri zogundana. Mtolo waung'ono umagwira bwino. Mtolo ukamakula, timaluzi timakhala tomwe tija, pamene nkhuni zofuna kumwazika zikuchuluka. Manyutuloni amathandiza chifukwa amaonjezera zomangira popanda kuonjezera kukankhana. N'chifukwa chake maelementi opepuka amakhazikika mapulotoni ndi manyutuloni akakhala pafupifupi ofanana, monga okosijeni-16 wa 8 ndi 8, koma olemera amafuna manyutuloni ochulukirapo. Mtovu-208 uli ndi mapulotoni 82 ndi manyutuloni 126.

Phata limasowa mtendere pa zifukwa zitatu: manyutuloni achulukitsa, manyutuloni achepa, kapena phata lenilenilo lakula mopitirira. Kupyola mtovu palibe elementi yokhazikika kotheratu, ngakhale muonjezere manyutuloni angati. Pa maelementi 118, okwana 80 okha ndi amene ali ndi isotopo yokhazikika. Pa maisotopo oposa 3,000 odziwika, okhazikika ndi pafupifupi 250.

Seziyamu wa ku Goiânia uja ndi chitsanzo cha chifukwa choyamba. Seziyamu wachilengedwe, seziyamu-133, ali ndi mapulotoni 55 ndi manyutuloni 78, ndipo satulutsa cheza. Seziyamu-137 ali ndi manyutuloni 82. Manyutuloni anayi oonjezerawo ndi amene anasiyanitsa mchere wamba ndi ufa wopha anthu.

Phata losakhazikika limadzikonza lokha potaya kachigawo kake kapena mphamvu yotsala. Pa Chipwitikizi amati decaimento. M'nkhani ino tizinena kuti phata lagumuka, monga limagumukira gombe la mtsinje. Chimene chatayidwacho ndi chimene timachitcha cheza, ndipo chotsalacho nthawi zambiri chimakhala elementi ina. Ernest Rutherford ndi Frederick Soddy ndi amene anasonyeza mu 1902 kuti elementi imodzi imasanduka ina mwa njira imeneyi.

Mitundu itatu ya cheza

Mtundu woyamba ndi alifa. Phata lolemera kwambiri limataya kachidutswa ka mapulotoni awiri ndi manyutuloni awiri. Yureniyamu-238, wa mapulotoni 92, akataya kachidutswa kotere amatsala ndi mapulotoni 90 ndipo amasanduka toriyamu-234. Alifa ndi yolemera, siipita kutali. Mumpweya imatha itangoyenda masentimita ochepa, ndipo pepala kapena khungu lakunja la munthu limaitsekereza. Kuopsa kwake kumabwera chinthucho chikalowa m'thupi popuma fumbi, pomwa kapena pakudya, chifukwa mkatimo mulibe khungu lotchinga ndipo mphamvu yonse imathera pamalo amodzi.

Mtundu wachiwiri ndi beta. M'phata limene manyutuloni achuluka, nyutuloni imodzi imasanduka pulotoni, ndipo pa kusandukako imaponya elekitironi yothamanga kwambiri. Umu ndi mmene kaboni-14 amasandukira naitrojeni-14: mapulotoni achoka pa 6 kufika pa 7. Manyutuloni akachepa zimachitika mobwerera, pulotoni imasanduka nyutuloni. Beta imayenda mpaka mamita angapo mumpweya, imatha kutentha khungu, koma chitsulo cha aluminiyamu chochindikala mamilimita ochepa chimaitsekereza.

Mtundu wachitatu ndi gama. Phata likataya alifa kapena beta, nthawi zambiri limatsala ndi mphamvu yoonjezera, ndipo limaitulutsa ngati kuwala kosaoneka kwamphamvu kwambiri. Gama siisintha elementi. Imabowola thupi la munthu, thabwa ndi khoma lopyapyala. Kuti ichepe pamafunika mtovu wochindikala kapena khoma lalikulu la konkire. Seziyamu-137 amatulutsa beta n'kusanduka bariyamu, kenako bariyamuyo amatulutsa gama. Ndiye chifukwa chake ku Goiânia ufa uja unkatentha manja a ougwira, n'kumavulazanso ongokhala m'chipinda chomwecho.

Nthawi ya theka

Palibe amene angauze kuti atomu yakutiyakuti igumuka liti. Ikhoza kugumuka lero, ikhoza kukhala zaka zikwi. Koma maatomu akakhala ambirimbiri, gulu lonse limatsata lamulo losaphonya. Tengani makobiri 1,000 a metikali imodzi, muwaponye pamphasa, muchotse onse amene agwa nambala ili pamwamba. Patsala pafupifupi 500. Ponyaninso otsalawo, patsala pafupifupi 250, kenako 125. Simungalose kobiri limodzi, koma mukudziwa kuti ulendo uliwonse theka lichoka.

Isotopo iliyonse ili ndi nthawi yake imene theka la maatomu ake limagumuka. Pa Chipwitikizi amati meia-vida. Nazi zina mwa nthawizi:

Tekinetiyamu-99m, wa m'zipatala: maola 6.
Radoni-222: masiku pafupifupi 4.
Ayodini-131: masiku 8.
Poloniyamu-210: masiku 138.
Kobalti-60: zaka 5 ndi miyezi ingapo.
Seziyamu-137: zaka 30.
Radiyamu-226: zaka 1,600.
Kaboni-14: zaka 5,730.
Potaziyamu-40: zaka 1.25 biliyoni.
Yureniyamu-238: zaka 4.5 biliyoni.

Anthu ambiri amalakwitsa poganiza kuti nthawiyi ikadutsa kawiri ndiye kuti zonse zatha. Ikadutsa kawiri pamatsala gawo limodzi mwa anayi, katatu limodzi mwa 8. Ikadutsa ka 10 pamatsala pafupifupi limodzi mwa 1,000. Kwa ayodini-131 imeneyo ndi masiku 80. Kwa seziyamu-137 ndi zaka 300.

Chinanso chofunika kudziwa: chinthu chogumuka msanga chimatulutsa cheza chambiri pa nthawi yochepa, chogumuka pang'onopang'ono chimatulutsa chochepa kwa nthawi yaitali. M'galamu imodzi ya yureniyamu-238 mumagumuka maatomu pafupifupi 12,000 pa sekondi. M'galamu imodzi ya radiyamu-226 mumagumuka 37 biliyoni pa sekondi. Muyeso umenewu, wa kugumuka kumodzi pa sekondi, umatchedwa becquerel pokumbukira uja anazitulukira.

Liwiro limeneli simungalifulumizitse kunyumba kapena kumunda. Kuwiritsa madzi kumapha tizilombo ta kolera koma sikuchotsa cheza. Klorini sachichotsa. Kutentha chinthucho pamoto kumangomwaza maatomuwo mu utsi ndi phulusa, ndipo kuchikwirira kumangosamutsira vuto m'dothi ndi m'madzi a pansi. Moto ndi mankhwala zimakhudza maelekitironi a kunja kwa atomu, pamene kugumuka kumachitika m'phata. Chimene chimachepetsa cheza ndi nthawi yokha.

Zimachokera kuti, ndipo kwathu kuno zilipo?

Zinthu zotulutsa cheza zimachokera kutatu. Zina zilipo kuyambira pamene dziko linapangika, zaka pafupifupi 4.5 biliyoni zapitazo, ndipo sizinathe chifukwa nthawi yake ya theka ndi yaitali: yureniyamu, toriyamu ndi potaziyamu-40. Zina zimapangika tsiku lililonse kumwamba cheza chochokera m'mlengalenga chikagunda mpweya, monga kaboni-14. Zomera zimamutenga mumpweya, nyama ndi anthu amamudya, ndipo chamoyo chikafa amayamba kuchepa. Poyesa wotsalayo m'makala kapena m'mafupa, akatswiri a zakale amadziwa zaka za chinthu mpaka cha m'ma 50,000. Gulu lachitatu ndi lopangidwa ndi anthu m'mafakitale a mphamvu ya nyukiliya ndi m'mabomba, monga seziyamu-137, ayodini-131 ndi kobalti-60.

Miyala ya dera lathu ili nazo za gulu loyamba. Ku Mavuzi, m'chigawo chino cha Tete, kuli mwala wotchedwa davidite wokhala ndi yureniyamu, ndipo unakumbidwapo m'nthawi ya atsamunda. Ku Malawi, m'boma la Karonga, mgodi wa yureniyamu wa Kayelekera unatsegulidwa mu 2009. Mumchenga wolemera wa ku Moma, m'chigawo cha Nampula, muli monazite amene ali ndi toriyamu. Malasha, kaya a ku Moatize kapena a kwina kulikonse, amakhala ndi tiyureniyamu ndi titoriyamu tochepa, ndipo akatenthedwa timatsalira m'phulusa. Ngakhale miyala ya m'mapiri ndi dothi la m'munda zili nato pang'ono.

Yureniyamu-238 sakhazikika atagumuka kamodzi. Amadutsa masitepe 14, kusanduka elementi iyi kenako iyo, mpaka atafika pa mtovu-206 ndi pamene amapuma. Panjira amadutsa pa radiyamu, ndipo radiyamu amasanduka radoni, amene ndi mpweya wopanda fungo ndi mtundu. Radoni amatuluka m'nthaka. Panja amamwazika, koma m'migodi, m'maenje akuya ndi m'nyumba zotsekedwa amaunjikana. Bungwe la zaumoyo padziko lonse limaika radoni m'gulu la zinthu zazikulu zoyambitsa khansa ya m'mapapo, pambuyo pa kusuta fodya. Mankhwala ake ndi osavuta: nyumba ikhale ndi mazenera otsegulidwa, ndipo okumba migodi akhale ndi njira yolowetsa mpweya wabwino.

M'munda ndi m'chakudya

Potaziyamu ndi chakudya cha mbewu, ndi "K" uja wolembedwa pa thumba la feteleza wa NPK. Alinso m'nthochi, nyemba, mbatata ndi mbatatesi. Pa maatomu 8,500 aliwonse a potaziyamu, imodzi ndi potaziyamu-40 wotulutsa cheza. M'thupi la munthu wamkulu mumagumuka maatomu a potaziyamu-40 oposa 4,000 pa sekondi iliyonse, ndipo zakhala choncho kwa makolo athu onse. Si chifukwa chosiyira nthochi kapena feteleza, popeza thupi limasunga potaziyamu pamlingo womwewo ndipo woonjezera limamutaya mumkodzo.

Alimi a fodya adziwe ichi: tsamba la fodya limagwira poloniyamu-210 ndi mtovu-210 wochepa, wochokera m'nthaka, mumpweya ndi m'feteleza wa fosifeti. Poloniyamu amatulutsa alifa, imene siibowola khungu la wothyola kapena wosankha fodya. Koma wosuta amaikokera m'mapapo pamodzi ndi utsi, ndipo imaonjezera pa ziphe zina zimene zili kale mu ndudu.

Vuto lalikulu kwa mlimi limabwera pamene zinthu zopangidwa ndi anthu zamwazika. Pa 26 Epulo 1986 fakitale ya magetsi a nyukiliya ya Chernobyl, ku Ukraine, inaphulika. Ayodini-131 anagwera pa msipu, ng'ombe zinadya, ana anamwa mkaka. Thupi limasonkhanitsa ayodini m'chithokomiro, pakhosi paja pamatupa munthu akadwala chotupa cha pakhosi, ndipo silisiyanitsa ayodini wabwino wa mumchere ndi wa cheza. Patapita zaka, ana masauzande angapo anapezeka ndi khansa ya chithokomiro. Ayodiniyo anatha m'miyezi itatu yoyamba, koma seziyamu-137 anatsala m'nthaka. Mizu ya mbewu imamutenga ngati potaziyamu chifukwa awiriwa amafanana khalidwe, monganso sitironshiyamu-90 amalowa m'mafupa ngati kashiyamu. Alimi a ku Ukraine ndi Belarus anathira laimu ndi feteleza wa potaziyamu wambiri kuti mbewu zisatenge seziyamu wochuluka. Ku Britain, kutali kwambiri ndi Chernobyl, malamulo oyeza nkhosa za m'mapiri ena zisanagulitsidwe anachotsedwa mu 2012, patapita zaka 26.

Mmene cheza chimavulazira thupi

Alifa, beta ndi gama zikamadutsa m'thupi zimathothola maelekitironi pa maatomu ndi kudula DNA, malangizo aja amene selo lililonse limatsata pokula ndi pogawikana. Thupi limakonza zambiri mwa zowonongekazo. Cheza chikachuluka pa nthawi yochepa, maselo amafa ambiri nthawi imodzi, makamaka a m'mafupa opanga magazi, a m'matumbo ndi a khungu. Munthu amasanza, amatsegula m'mimba, tsitsi limathothoka, khungu limapsa popanda moto, ndipo chitetezo cha m'thupi chimagwa. Cheza chocheperapo sichionetsa zizindikiro, koma chimakweza mpata wodwala khansa patapita zaka.

Mlingo umene thupi lalandira umayezedwa mu sievert. Padziko lonse munthu amalandira pafupifupi magawo 2.4 mwa magawo 1,000 a sievert imodzi pa chaka kuchokera ku nthaka, mpweya, chakudya ndi mlengalenga. Masievert 4 kapena 5 olandira nthawi imodzi amapha pafupifupi theka la anthu ngati salandira chithandizo. Kujambulitsa chifuwa kamodzi kuchipatala, raio-X uja amaunikira chifuwa chachikulu cha TB, kumapereka mlingo wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa chaka chonse. Makina ake amatulutsa cheza akayatsidwa pokha, ndipo wojambulidwayo satenga cheza kupita nacho kunyumba. Musakane kujambulidwa chifukwa cha mantha. Mayi woyembekezera angodziwitsa achipatala asanajambulidwe.

Pali kusiyana pakati pa kuwombedwa ndi cheza ndi kupakika chinthu chotulutsa cheza. Woyamba ali ngati munthu amene waotha moto: akachokapo, moto sumutsatira. Wachiwiri ali ngati munthu amene watenga khala m'thumba. Fumbi kapena ufa ukakhala pa zovala, pakhungu kapena m'mimba, umapitiriza kutulutsa cheza ndipo umafalikira kwa ena.

Ntchito zake zabwino

Cheza chomwecho chimagwira ntchito zothandiza chikakhala m'manja mwa odziwa. M'zipatala, gama ya kobalti-60 imalunjikitsidwa pa chotupa cha khansa kuti iphe maselo ake, ndipo imaphanso tizilombo pa majakisoni ndi zipangizo za opaleshoni. Tekinetiyamu-99m amabayidwa m'thupi kuti madokotala aone mafupa, mtima kapena impso, ndipo poti theka lake limatha m'maola 6, pofika mawa lake amakhala atatsala wochepa.

Pa ulimi, chitsanzo chodziwika ndi cha pachilumba cha Unguja ku Zanzibar. Kumeneko anaweta ntchentche za kashembe, zazimuna n'kuziwomba ndi gama kuti zisabereke, kenako n'kuzimwaza zambirimbiri m'tchire. Zazikazi zokwerana nazo sizinkabereka, ndipo mu 1997 kunalengezedwa kuti kashembe watha pachilumbapo, matenda amene ankapatsira ng'ombe n'kutha naye. Akatswiri a mbewu amagwiritsanso ntchito gama pofuna mitundu yatsopano ya mpunga, mapira ndi mbewu zina. Mbewu yowombedwa ndi gama siitulutsa cheza.

Makampani omanga misewu amayeza kulimba ndi chinyezi cha dothi ndi kachipangizo kokhala ndi seziyamu-137 mkati. M'migodi ndi m'mafakitale mulinso zoyezera za mtundu womwewo. Zipangizo zimenezi ndi zimene zimaopsa zikatayika, zikabedwa kapena zikagulitsidwa ngati sucata.

Mukapeza chitsulo chokayikitsa

Chizindikiro cha cheza ndi kabwalo kakang'ono kozunguliridwa ndi mapiko atatu, ngati fani, kawirikawiri akuda kapena ofiirira pa chikasu. Chinthu choopsacho chimakhala chaching'ono, nthawi zina ngati batire la tochi kapena kucheperapo, chobisidwa m'chitsulo cholemera modabwitsa poyerekeza ndi kukula kwake, chifukwa cha mtovu kapena chitsulo china chotchinga. Maso, mphuno ndi lilime sizingakuuzeni kanthu. Zambiri siziwala n'komwe. Chimene chimadziwa ndi makina oyezera okha.

Mukaona chizindikirochi pa chitsulo chotayidwa, musachigwire, musachitsegule, musachimenye ndi hamala, musachiike m'thumba kapena m'nyumba. Talikirani, ndipo talikitsani ana ndi ziweto. Mtunda ukawirikiza kawiri, cheza chofika pa inu chimatsika kufika pa gawo limodzi mwa anayi. Dziwitsani amfumu ndi apolisi kuti malowo atchingidwe. M'dziko muno zinthu zimenezi zimayang'aniridwa ndi Agência Nacional de Energia Atómica, ANEA, ndipo ku Malawi ndi Atomic Energy Regulatory Authority. Ngati wina wachigwira kale, avule zovala n'kuziika m'pulasitiki, asambe ndi sopo ndi madzi ambiri, apite kuchipatala ndipo akanene zoona za chimene anagwira. Ku Goiânia madokotala poyamba ankaganiza kuti odwalawo adya chakudya choipa kapena ali ndi matenda wamba, chifukwa panalibe amene anatchula za chitsulo chija.

Amene anazindikira anali mkazi wa mwini malo a sucata uja. Ataona kuti a m'nyumba mwake anayamba kudwala chinthucho chitabwera, pa 28 Seputembala anaika zotsala zake m'thumba n'kukwera nazo basi kupita ku ofesi ya zaumoyo. Tsiku lotsatira katswiri anayeza ndi makina n'kutsimikiza. Mayiyo ndi mmodzi wa anayi amene anamwalira, koma chifukwa cha iye ufawo sunafalikire kwina. Anthu pafupifupi 112,000 anayezedwa, ndipo 249 anapezeka atapakika seziyamu. Nyumba zingapo zinagwetsedwa, dothi la pamwamba linapalidwa, ndipo zonsezo pamodzi ndi zovala ndi katundu wa m'nyumba zinakwiriridwa m'konkire ku Abadia de Goiás. Theka la seziyamu ameneyo linatha pofika 2017. Pofika 2047 padzatsala gawo limodzi mwa anayi, ndipo malowo ayenera kulonderedwa kwa zaka pafupifupi 300.